Chinjoka cha pa chithunzi chija si anaconda, ndipo si cha ku Congo

Funso: Akatswiri, alamu anga anditumizira chithunzi ichi pa WhatsApp, ndipo ndachionanso kangapo pa Facebook. Ndi chinjoka chakufa chitapachikidwa pa chifosholo cha makina okumbira nthaka, amuna anayi ataima kumbuyo kwake. Mawu a m'munsi mwake akuti ndi anaconda yotalika mamita 15, yaphedwa sabata yatha m'mbali mwa mtsinje wa Congo, ndipo inali itameza anthu atatu. Ine ndikukayikira, koma alamu akuti chithunzi sichinama. Kodi ndi njoka yanji imeneyi, nanga njoka ingakuledi chotero?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa choyamba mwafunsa musanachitumize kwa ena. Alamu anu ali ndi mfundo pa chinthu chimodzi: njokayi ndi yeniyeni, sinapangidwe pa kompyuta, ndipo ndi yaikuludi. Chomwe chanama ndi mawu amene wina anamata m'munsimo. Mawuwo atchula mtundu wa njoka, malo, kutalika kwake ndi zomwe inadya, ndipo pa zonsezi palibe chogwirizana ndi zimene maso akuona. Imeneyi ndi nsato ya kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, imene m'mabuku mudzaipeza pa dzina loti reticulated python, kapena Malayopython reticulatus. Kwawo ndi ku Indonesia, Malaysia, Thailand, Philippines ndi maiko oyandikana nawo. Kutalika kwake ndikukuika pakati pa mamita 5 ndi 6.

Sindikufuna kuti mungondikhulupirira, ndiye tiyeni tichione limodzi. Phimbani mawu aja ndi chala, chifukwa munthu akayamba wawerenga, maso ake amangosaka zomwe wauzidwa. Kulitsani chithunzicho pa foni yanu, muyang'ane pamsana pa njokayo, pamene yapindikira pa chifosholo. Muona mizere yakuda yolukanalukana ngati ukonde. M'kati mwa diso lililonse la ukondewo ndi motuwa kapena mofiirira, ndipo m'mphepete mwake mwadutsa chikasu. Tsikirani m'nthiti: pamene mizere ikukumana pali timawanga toyera tozunguliridwa ndi kuda. Mbali yomwe dzuwa likuwomba, khungu likunyezimira mitundu ya utawaleza, ngakhale kuti njokayo ndi yakufa ndipo yadzola matope. Palibenso njoka ina yaikulu padziko lapansi imene inavala chonchi.

Tsopano pitani kumutu, umene ukulendewera kumanzereko. Ndi wachikasu chotuwa, wopanda mawanga, ndipo pakati penipeni padutsa kamzere kakuda kamodzi, kopyapyala, kuchokera kumphuno mpaka kukhosi. Kamzere kena kachokera padiso n'kutsikira kothera kamwa. Pa mlomo wa m'mwamba, chakutsogolo, pali timaenje tondandalikana, tolowa ndithu m'kati. Timaenje timeneti ndi tomwe nsato imamvera kutentha kwa thupi la nyama, moti khoswe akamadutsa mumdima wa ndiweyani, iyo imadziwa pamene ali. Anaconda ilibe timaenje totere. Kukanakhala kuti thupi lonse labisika, mutu wokhawu ukanakwanira kuthetsa mlandu.

Anaconda yeniyeni simungaisokoneze mukangoiona kamodzi. Ndi yobiriwira moderako, ngati madzi a m'dambo, ndipo pamsana pake pali mawanga akuda ozungulira, otalikirana, osalumikizidwa ndi mzere uliwonse. Mawanga a m'nthiti amakhala ndi chikasu pakati. Thupi lake ndi lonenepa kwambiri, mutu waung'ono pouyerekeza ndi thupilo, khosi losaoneka bwino pamene layambira. Maso ndi mphuno zili pamwamba pa mutu, chifukwa moyo wake ndi wa m'madzi: imamira thupi lonse n'kungosiya maso ndi mphuno kunja, kudikira nyama yodzamwa madzi. Imadya mbalame, agwape, nyama za m'madzi zotchedwa capybara, ngakhalenso ng'ona zazing'ono za ku South America. Siikira mazira, imabereka ana amoyo, pomwe nsato zonse zimaikira mazira, yaikazi n'kuwazinga mpaka ataswa. Ndipo kwawo kwa anaconda ndi ku South America kokha, m'zigwa za mitsinje ya Amazon ndi Orinoco ndi m'madambo ozungulira. M'tchire la ku Africa mulibe anaconda ngakhale imodzi. Choncho mawu oti anaconda ya ku Congo adzitsutsa okha tisanayang'ane n'komwe chithunzi.

Mwina alamu anena kuti chabwino, dzina analakwitsa, koma ndi nsato ya ku Congo ndithu. Ayi. Kumeneko nsato ziliko, zazikulunso, za mitundu ya Python sebae ndi Python natalensis, koma zovala zake n'zina. Pamsana zili ndi zigamba zabulauni zosalongosoka, zolumikizana apa ndi apo, ndipo pamutu pali chizindikiro chakuda chachikulu chooneka ngati mutu wa muvi, choloza kumphuno, chokhala ndi mzere wowala mbali zonse ziwiri. Nsato ya ku Burma, imene masiku ano yadzaza m'madambo a Everglades ku Florida, ilinso ndi muvi wotero pamutu. Yanuyi ilibe muvi, ili ndi kamzere kamodzi kaja.

Za malo, musadalire kwambiri mitengo. Kumbuyo kwa amuna aja kukuoneka mizere ya kanjedza wa mafuta, ndipo ena angathamangire kunena kuti ndiye ku Asia basi. Mtengo umenewu kwawo kwenikweni ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, unachita kutengedwa kupita ku Indonesia ndi Malaysia, kotero paokha suuza munthu chilichonse. Umayamba kuthandiza mukauphatikiza ndi njokayo. Minda ikuluikulu ya kanjedza ku Sumatra ndi ku Borneo ili ndi makoswe osawerengeka, ndipo nsato zimatsata makoswewo. Anthu olambula minda ndi okumba ngalande amakumana nazo kawirikawiri, makina ali pomwepo, foni ili m'thumba. Kuonjezera apo, Indonesia ndi Malaysia amagulitsa kunja zikopa za nsato imeneyi zambirimbiri chaka ndi chaka. N'chifukwa chake zithunzi zambiri za chinjoka chakufa zimene zimazungulira dziko lonse zimakhala za mtundu womwewu, kenako wina n'kuzipatsa dzina la anaconda poti ndilo anthu amaliopa. Zinthu zomwe zimaulula malo mosavuta ndi zolembedwa: nambala ya galimoto, chikwangwani, mawu a pa malaya a munthu, chilankhulo cha m'vidiyo.

Tifike pa kutalika, pamene anthu ambiri amagwera. Kamera sidziwa kukula kwa chinthu, imangodziwa kuyandikira kwake. Chinthu chimene chili pa mamita 2 kuchokera pa kamera chimaoneka chachikulu katatu kuposa chinzake chofanana nacho chimene chili pa mamita 6. Msodzi aliyense amadziwa kuti akatambasula mkono n'kuloza nsomba ku kamera, kansomba kamasanduka chinsomba. Makina okumbira nthaka amachita zomwezo, kungoti mkono wake ndi wautali mamita angapo. Pa chithunzi chanu mkonowo waloza kwa wojambula, njoka ili kunsonga kwake, ndipo amuna aja aima pafupi ndi thupi la makinawo. Yang'anani mapazi awo. Ali m'mwamba pa chithunzi, kutali ndi pamene mchira wa njoka ukukhudza pansi, ndipo zithunzithunzi zawo sizikufika n'komwe pa njokayo. Palibe ngakhale mmodzi amene waigwira. Magalasi a makamera a m'mafoni, omwe amatenga malo aakulu nthawi imodzi, amakokomezanso kusiyana kumeneku.

Njoka muiyeze ndi chinthu chimene yakhudza, osati chimene chili kumbuyo kwake. Apa yakhudza chifosholo. Chifosholo cha makina apakatikati ngati awa chimakhala pafupifupi mita imodzi m'lifupi. Mukatenga mlingo umenewo n'kumauika pa thupi la njoka, mbali ya kumutu ikukwana kawiri ndi theka, ya kumchira chimodzimodzi, kuphatikizapo kachigawo kamene kagona pa chifosholo. Ndi mmene ndapezera mamita 5 mpaka 6. Onaninso kuti thupi lake, ponenepa penipeni, langodzaza mpata wa pakati pa mano awiri a chifosholocho. Kumbukiraninso kuti njoka yakufa ikapachikidwa, minofu imalekerera ndipo thupi limatamuka ndi kulemera kwake komwe. Chikopa chosendedwa ndiye chimatamuka koposa, moti kuyeza chikopa si kuyeza njoka.

Pali njira ina yoyesera bodza la mamita 15, yongofuna masamu pang'ono. Njoka yaitali kuposa zonse imene bungwe la Guinness World Records linayeza ili m'manja mwa anthu ndi nsato ya mtundu womwewu, yotchedwa Medusa, ya ku Kansas City m'dziko la America. Mu 2011 inapezeka yotalika mamita 7.67, yolemera makilogalamu pafupifupi 159. Kuti ifike mamita 15 iyenera kutalika kawiri. Koma nyama ikatalika kawiri osasintha maonekedwe, imakulanso kawiri m'lifupi ndi kawiri m'kuya kwake, choncho kulemera kumachulukitsidwa ka 8. Ndiye kuti njoka yoposa makilogalamu 1,200. Ikanakhala anaconda, yomwe ndi yonenepa kwambiri, ikanapitirira matani awiri. Chinjoka chotero sichikanalowa pakati pa mano awiri a chifosholo, ndipo mutu wake sukanakhala wofanana ndi dzino limodzi ngati momwe ukuonekera apa.

Nanga anaconda zenizeni zimafika pati? Katswiri wina wa ku Venezuela, Jesús Rivas, wagwira ndi kuyeza anaconda zoposa 1,000 m'madambo a kwawoko. Pa gulu limenelo yaikulu kwambiri inali yaikazi ya mamita 5.21, yolemera makilogalamu 97.5. Nsato ya ku Burma yaitali kwambiri imene inagwidwa ku Florida, mu July 2023, inali ya mamita 5.79. Mukaona manambala amenewa muzindikira kuti njoka ya pa chithunzi chanu ili kale m'gulu la zikuluzikulu. Sinafunike kuonjezeredwa.

Kukokomeza kumeneku sikunayambe ndi intaneti. Mu 1907 Percy Fawcett, Mngelezi wofufuza malo, ananena kuti anawombera anaconda ya mamita pafupifupi 19 chakumalire a Brazil ndi Bolivia, koma sanabweretse fupa kapena chikopa. Mu 1959 msilikali wa ku Belgium, Remy Van Lierde, ananena kuti anaona chinjoka cha mamita ngati 15 ali mu helikopita ku Katanga, kum'mwera kwa Congo, ndipo chithunzi chake chikuyendabe mpaka lero, ngakhale mulibe chinthu chodziwika kukula kwake choyerekezera nacho. Bungwe la New York Zoological Society, lomwe tsopano ndi Wildlife Conservation Society, linakhala zaka makumi ambiri litalonjeza mphoto kwa aliyense wobweretsa njoka yamoyo yopitirira mamita 9. Mphotoyo inakwera mpaka madola 50,000, ndipo palibe anaitenga. Nkhani yomwe ndimaikonda kwambiri pophunzitsa ndi ya kumapeto kwa 2003, pamene malo ena osungirako nyama ku Kendal, pa chilumba cha Java, analengeza kuti ali ndi nsato ya mamita 14.85. Nyuzipepala za m'maiko ambiri zinalemba. Mtolankhani wa The Guardian atapita ndi tepi yoyezera, anapeza kuti ili pakati pa mamita 6.5 ndi 7. Inali njoka yodabwitsa ndithu, koma theka la zomwe ankanena.

Za kumeza anthu ndiyankhule mosamala, chifukwa apa pali choonadi chowawa. Nsato ya mtundu uwu inamezapo anthu. Mu March 2017 mlimi wina kumadzulo kwa chilumba cha Sulawesi ku Indonesia anapezeka m'mimba mwa nsato ya mamita pafupifupi 7, ndipo mu June 2018 zinachitikiranso mayi wina pa chilumba cha Muna. Amenewo ndi anthu enieni, mabanja awo analira, ndipo sindingakuuzeni kuti njoka zotere n'zosaopsa. Koma izi zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo nthawi zonse amakhala munthu mmodzi. Njoka sitafuna, imameza chamtunthu. Nsagwada zake sizigweluka monga ambiri amanenera. Mafupa awiri a nsagwada ya m'munsi sanalumikizane kutsogolo, pakati pake pali mnofu wotamuka, ndiye mbali imodzi imagwira, ina n'kusunthira kutsogolo, mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Mapewa a munthu wamkulu ndi chopinga chachikulu pa ntchito imeneyi. Ikameza nyama yaikulu imagona masiku ambiri ikugaya, yolemedwa, yosatha kuthawa, ndipo imatha milungu kapena miyezi osadyanso. Anthu atatu ndiye n'zosatheka. Pa chithunzi chanu thupi ndi losalala kuyambira kukhosi mpaka kumchira, palibe potupa. Ngakhale mukadzaona chithunzi china cha njoka yotupa mimba, musafulumire, chifukwa nthawi zambiri m'katimo mumakhala nguluwe, mbuzi kapena gwape, ndipo njoka yakufa imatupanso ndi mpweya ikayamba kuwola padzuwa. Za anaconda, palibe umboni wotsimikizika woti inamezapo munthu.

Zimandipweteka ndikamaona mawu otere, bambo, ndipo sindibisa. Munthu amene wawerenga kuti chinjoka chameza anthu atatu, mawa akaona nsato ikuwoloka msewu amathamangira chikwanje, ngakhale ili ya mamita awiri, yopanda ululu, yongodzipitira kukasaka makoswe. Zazikulu kwambiri zimene zimajambulidwazi pafupifupi zonse ndi zazikazi, zomwe zatha zaka zambiri kuti zifike msinkhu umenewo, ndipo ndi zomwe zimaikira mazira ochuluka. Mantha onama amaphanso chidwi chenicheni. Mwana amene wazolowera kumva za mamita 15 sangadabwenso ndi njoka ya mamita 6, pomwe mamita 6 ndi amuna atatu aatali atagona motsatizana, n'kutsalabe malo. Ulemu woyenera nsato yaikulu ndi wosavuta: kuima patali, osaigwira muli nokha, osaiputa ikakhala pa mazira, ndi kuitana anthu a zanyama zakutchire ikalowa pamene anthu akukhala.

Mawu oti sabata yatha mutha kuwayesa nokha m'mphindi zochepa. Dulani chithunzicho kuti mawu a m'munsi achoke, kenako chiikeni pa Google Lens kapena pa TinEye, zida za pa intaneti zofufuzira kumene chithunzi chinaikidwapo kale. TinEye imalola kusanja zotsatira kuyambira pa chakale kwambiri, ndipo pamenepo ndi pomwe bodza limagwidwa: chithunzi chomwe akuti ndi chatsopano mumachipeza chitaikidwa zaka zapitazo, ndi mawu a chilankhulo china, ndi dzina la dziko lina. Mukapeza kuti chimodzimodzicho chalembedwa Brazil apa, India apo, Congo uko, dziwani kuti chakale kwambiri ndi chooneka bwino kwambiri ndicho chili pafupi ndi gwero, chifukwa chithunzi chikamapatsiridwa chimafwifwa. Musavutike kufufuza tsiku lobisika m'kati mwa chithunzi, poti Facebook ndi WhatsApp zimafufuta zimenezo munthu akamatumiza. Ngati ndi vidiyo, imitseni pamalo pooneka bwino, jambulani sikirini, mufufuze chimodzimodzi.

Alamu anu akadzatumiza china, mwina chidzakhala cha mtundu wina. Pali zithunzi za mafupa a chinjoka atagona m'mphepete mwa nyanja, zomwe zinafala kwambiri mu 2022 anthu ataziona pa Google Maps. Amenewo si mafupa, ndi chosema chachitsulo chotchedwa Serpent d'océan, chotalika mamita 130, chimene Huang Yong Ping anapanga mu 2012 ku Saint-Brevin-les-Pins m'dziko la France. Palinso zithunzi za chinjoka chikumeza ng'ona m'chinyumba chachikulu, chomwe ndi chidole cha njoka yakalekale yotchedwa Titanoboa, chimene a Smithsonian, bungwe la nyumba zoonetsera zinthu zakale ku America, anaonetsa mu 2012. Titanoboa yeniyeni inaliko, yotalika mamita pafupifupi 13. Mafupa ake anapezeka mu mgodi wa malasha wa Cerrejón ku Colombia ndipo analengezedwa mu 2009, koma inakhalako zaka pafupifupi 60 miliyoni zapitazo, dziko likutentha kuposa lero. Mu 2024 akatswiri a ku India analengezanso za ina, Vasuki indicus, kuchokera ku mafupa a msana opezeka ku Gujarat, nayonso yakalekale chimodzimodzi.

Ndiye pali zopangidwa ndi AI, mapulogalamu a pa kompyuta otha kupeka zithunzi, ndipo zithunzi zotere zachuluka kwambiri masiku ano. Izi zimagwidwa ndi njira yomweyi yoyang'ana khungu. Pa njoka yeniyeni mamba amayenda m'mizere yolongosoka, aang'onoang'ono pamsana, ndipo kumimba kuli mzere umodzi wa mamba opingasa. Pa yopangidwa, mamba amasungunuka pamene thupi lapindika, mawanga amasintha mtundu pakati pa thupi, mutu wa nsato umakhala pa thupi la anaconda, ndipo nthawi zina mukatsata thupi ndi chala kuchokera kumutu simufika kumchira, kapena mumapeza michira iwiri. Yang'ananinso pansi pamene chagona. Njoka yolemera makilogalamu 100 imagonetsa udzu, imasiya mkwasa m'matope, ndipo amene aikweza m'manja amaoneka kuti alemedwa, misana itapindika ndi mitsempha ya m'mikono itatuluka.